Mtima Ukamathamanga Popanda Chokuthamangitsani: Zochita Nkhawa Ikakula

Pamzere wa odwala m'zipatala zathu pamakhala anthu ambiri amene dandaulo lawo ndi lofanana: mtima ukuthamanga, mutu ukulemera, m'mimba mukutentha, tulo palibe. Akayezedwa malungo, sapezeka. BP ili bwinobwino. Amalandira panado n'kubwerera kunyumba, koma pakatha milungu iwiri abweranso. Akatopa, ena amalowera kwa asing'anga, ena kuphiri kukapemphera, ndipo achibale amangoti "akuganiza kwambiri ameneyu." Nthawi zambiri achibalewo amakhala atalasa ndithu. Chimene sadziwa n'chakuti kuganiza kwambiri kuli pawiri, ndipo kulikonse kuli ndi chithandizo chakechake.

Pali nkhawa ya tsiku ndi tsiku, yobwera chifukwa cha vuto looneka: fizi, lendi, feteleza, mwana amene wagonekedwa kuchipatala. Ndiye pali matenda a nkhawa, pamene mantha amapitirira ngakhale vuto litatha, kapena amangofika popanda vuto n'komwe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda amenewa, ndipo 58 miliyoni mwa iwo anali ana ndi achinyamata. Mwa anthu anayi ofunika chithandizo, ndi mmodzi yekha amene amachilandira, chonsecho matendawa amachizika. Ndondomeko ili m'munsiyi ikuthandizani kudziwa mbali imene muli komanso pamene mungayambire.

1. Dziwani zimene thupi likuchita

Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala kamene ntchito yake ndi ulonda. Kakaona choopsa, kaya ndi njoka panjira kapena galimoto yophonya msewu, uthenga umafika ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timathira m'magazi timadzi totchedwa adrenaline. Mtima umagunda mwaliwiro kuti magazi afike msanga kumiyendo, mpweya umalowa mowirikiza, thukuta limatuluka, kukamwa kumauma, ntchito yogaya chakudya imaima kaye. N'chifukwa chake m'mimba mumabwadamuka. Zonsezi n'zokonzekeretsa munthu kuthawa kapena kulimbana ndi mdani, ndipo choopsacho chikadutsa thupi limabwerera mwakale.

Mlonda ameneyu sasiyanitsa njoka ndi ganizo la ngongole. Ali ngati galu wapakhomo: wabwino amauwa mbava, koma alipo wina amene amauwa tsamba lililonse lothothoka mumtengo, a m'nyumba osaona tulo. Galu wotere amafunika kuphunzitsidwa, osati kuthamangitsidwa, chifukwa nkhawa yapang'ono ndi yofunika. Ndi imene imadzutsa wophunzira m'bandakucha kuti awerenge pokonzekera MSCE. Koma belu la ngozi likamalira kwa miyezi, minofu ya khosi ndi mapewa imamangika, mutu umapweteka, munthu sachedwa kupsa mtima, amaiwalaiwala, amatopa asanagwire ntchito. Ululu umenewu ndi weniweni. Amene akuumva sakunamizira.

2. Lembani kwa milungu iwiri

Pezani kope, ngakhale lotsala la mwana wa sukulu. Nthawi iliyonse nkhawa ikakugwirani, lembani zinthu zisanu: nthawi ndi malo, ganizo limene linabwera, zimene munamva m'thupi, kukula kwa manthawo kuyambira 0 mpaka 10, ndi chimene munachita pambuyo pake. Mwachitsanzo: "Lachiwiri m'mawa, pa depoti. Ganizo: ndikomoka anthu akuona. Mtima kugunda, manja dzanzi. 8. Ndinabwerera kunyumba." Ngati kulemba kumakuvutani, dzijambuleni mawu pa foni.

Samalani kwambiri ndi chinthu chachisanucho, chimene munachita. Ndi pamenepo pamene mudzaonere zinthu zimene nkhawa yayamba kukulandani: ulendo wa kumsika umene munatumako mwana, maliro amene simunapiteko, foni ya abwana imene simunayankhe. Anthu ambiri amadabwa akawerenga kope lawo pakutha pa milungu iwiri, chifukwa ankayesa kuti mantha amawagwira nthawi ina iliyonse, pamene kopelo likuonetsa malo awiri kapena atatu omwewomwewo.

3. Siyanitsani nkhawa wamba ndi matenda

Ndi kope lija m'manja, dzifunseni mafunso anayi. Kodi nkhawayi ili ndi chifukwa choti mungachiloze ndi chala? Kodi kukula kwake kukufanana ndi kukula kwa vutolo? Vuto likachepa, nayo imachepa? Nanga mukuthabe kugwira ntchito, kudya, kugona ndi kucheza ndi anthu? Ngati mayankho ndi "inde", ndiye kuti muli ndi kupanikizika kwa masiku onse, ndipo gawo 5 ndi 8 ndi anu. Pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mabanja ambiri anasowa tulo poganizira mtengo wa ufa, sopo ndi thiransipoti. Amenewo sanali matenda. Linali vuto lenileni lofunika kulipezera njira.

Matenda a nkhawa amaoneka mosiyana, ndipo ali m'mitundu ingapo. Wina amada nkhawa ndi chilichonse, lero ana, mawa ntchito, mkuja thanzi, ndipo nkhawa imodzi ikatha ina imalowa m'malo. Madokotala amauganizira mtundu umenewu zikachitika masiku ambiri kwa miyezi isanu ndi umodzi, munthu n'kumalephera kuzileka. Wina amagwidwa mwadzidzidzi ndi chinthenthe choopsa chimene achipatala amati panic attack: mtima kugunda ngati utuluka, kubanika, chizungulire, kuganiza kuti imfa yafika. Chimafika pachimake m'mphindi zochepa n'kuyamba kutsika, koma chimasiya mantha akuti chibweranso, ndipo manthawo ndi amene amatsekera munthu m'nyumba. Wina amaopa maso a anthu, moti kupereka malonje pagulu, kuyankha funso m'kalasi kapena kudya paukwati amakuona ngati chilango. Ena amaopa chinthu chimodzi chokha mopitirira muyeso, monga jakisoni, magazi kapena malo okwera.

Palinso mantha otsalira pambuyo pa zoopsa: ngozi ya pamsewu, kugwiriridwa, kuthyoleredwa nyumba usiku. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe mu March 2023 n'kupha anthu oposa 1,000, zinali zachibadwa kuti opulumuka azidzidzimuka mvula ikayamba kugunda pa malata. Kwa ambiri zoterezi zimazilala pakapita milungu. Koma maloto oopsa, kuona ngati zinthu zija zikuchitikanso, ndi kupewa chilichonse chokumbutsa zikapitirira mwezi, pamafunika mlangizi wodziwa ntchito yake. Musayese kudzikumbutsa dala zoopsazo muli nokha.

Achipatala ena amagwiritsa ntchito mafunso asanu ndi awiri otchedwa GAD-7, amene anakonzedwa mu 2006. Amafunsa za milungu iwiri yapitayo, ndipo mapointi ake amachokera pa 0 kufika pa 21. Amene wapeza 10 kapena kuposera apo amafunika kuonedwa bwino ndi wachipatala. Mafunsowa amangolozera, sapereka chigamulo.

4. Kayezetseni thupi, kamodzi koma mokwanira

Pali matenda ena a m'thupi amene amavala nkhope ya nkhawa. Kuchepa kwa magazi kumathamangitsa mtima ndi kubweretsa wefuwefu, makamaka kwa amayi oyembekezera ndi amene amataya magazi ambiri akamasamba. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola chimanjenjemeretsa manja, kutulutsa thukuta ndi kuondetsa munthu ngakhale akudya bwino. Shuga akatsika kwambiri mwa amene akumwa mankhwala a shuga, munthu amanjenjemera ndi kuchita mantha. Mankhwala a mphumu a salbutamol amathamangitsa mtima. Mankhwala a ma ARV a efavirenz, amene ambiri ankamwa tisanasinthire ku dolutegravir, ankabweretsa maloto achilendo ndi nthumanzi kwa anthu ena. Ndipo munthu womwa mowa tsiku lililonse akausiya mwadzidzidzi amanjenjemera, amachita mantha, mwinanso kukomoka. Ameneyo asiye mothandizidwa ndi achipatala.

Choncho pitani mukayezetse BP, magazi ndi shuga, amvetsere mtima, ndipo muwauze mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo azitsamba. Zotsatira zikakhala zabwino, zikhulupirireni. Apa ndi pamene ambiri amasochera: amachoka chipatala ichi kupita china, kenako cholipira, kenako kugula kamakina koyezera BP n'kumadziyeza kasanu patsiku. Kuyezetsa kulikonse kumatonthoza mtima kwa tsiku limodzi, mawa lake kukayika kumabwereranso kutakula.

5. Gawani nkhawa zanu pawiri

Tsegulani tsamba latsopano, mujambule mzere pakati. Kumanzere lembani nkhawa zimene zili ndi chochita lero kapena mlungu uno. Kumanja lembani zoyamba ndi mawu akuti "bwanji ngati": bwanji ngati ndichotsedwa ntchito, bwanji ngati mwana adwala ali ku boarding, bwanji ngati mvula idula mu January.

Za kumanzere zimathetsedwa ndi njira imene yayesedwa ndipo yaoneka kuti imagwira ntchito kuno kwathu kummwera kwa Africa. Mu 2006, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench ku Mbare, mumzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumathandiza anthu opanikizika kusanthula mavuto awo limodzilimodzi, kwa maulendo osapitirira asanu ndi limodzi. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti amene anakhala pabenchipo anapeza bwino kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Njirayi yayesedwanso ku Malawi. Mfundo zake mukhoza kuzitsata ngakhale muli nokha kapena ndi mnzanu.

Sankhani vuto limodzi lokha, osati lalikulu kuposa onse, koma limene mungathe kuligwedeza. Litchuleni mwatchutchutchu. "Ndine wosauka" si vuto loti mungalithetse Lachitatu. "Ndikufunika K80,000 ya banki m'khonde pofika pa 30" ndiye vuto. Kenako lembani njira zonse zimene zabwera m'mutu, osayamba mwaweruza: kupempha gulu kuti mubweze pawiri, kugulitsa nkhuku, kugwira ganyu Loweruka, kupempha mlongo, kutenga katapila. Mukatha, onani ubwino ndi kuipa kwa iliyonse. Katapila agwa yekha pamenepo, chifukwa amachotsa nkhawa ya mwezi uno pobereka ina yaikulu mwezi wa mawa. Sankhani njira imodzi kapena ziwiri, mulembe tsiku, nthawi ndi munthu woti mukamuone: "Lachinayi madzulo ndikaonana ndi tcheyamani wa gulu." Pakatha mlungu bwererani ku kope muone zimene zatheka. Zikakanika, tengani njira yotsatira pamndandanda.

Zimaoneka zophweka kwambiri moti ena amazinyoza. Koma munthu wopanikizika amaona mavuto ake onse ngati chimulu chimodzi, ndipo amayesa kuthetsa onse nthawi imodzi ali chigonere 2 koloko ya usiku. Palibe ngongole imene inabwezedwapo pa ola limenelo.

Za kumanja zija zilibe chochita, ndiye zipatseni nthawi yake. Sankhani mphindi 15 tsiku lililonse, masana kapena chakumadzulo koma osati pogona, mukhale pansi ndi kuziganizira dala. "Bwanji ngati" akabwera nthawi ina, mulembeni n'kumuuza kuti adikire 4 koloko. Kuletsa ganizo mwamphamvu sikutheka, limabwerera ndi ukali, koma kulichedwetsa kumatheka mukazolowera. Nthawiyo ikakwana, funsani ganizo lililonse: umboni wake uli kuti? Zimene ndakhala ndikuopa chaka chathachi, ndi zingati zinachitikadi? Mnzanga akanabwera ndi nkhawa yomweyi, ndikanamuuza chiyani?

6. Chinthenthe chikakugwirani

Munthu wogwidwa ndi mantha aakulu amapuma mofulumira, ndipo potero amataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa mmene thupi likufunira. Zimenezi ndi zimene zimabweretsa dzanzi m'zala ndi m'milomo, chizungulire, ndi kumva ngati mpweya sukukwana. Akamva choncho amawonjezera kupuma, zinthu n'kuipiraipira.

Khalani pansi pomwe mulipo. Ikani dzanja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 4, mimba ikwere osati mapewa. Tulutsani ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6, ngati mukuuzira phala la mwana. Chinsinsi chili pa kutulutsako: kukhale kotalika kuposa kukoka. Pitirizani kwa mphindi zingapo. Kenako tembenuzirani maso kunja kwa thupi lanu: tchulani zinthu zisanu zimene mukuona, zinayi zimene mukumva m'makutu, zitatu zimene mukukhudza. Dziuzeni zoona zake, kuti ichi ndi chinthenthe, n'chowawa koma sichipha, ndipo chitsika chokha.

Phunzirani kapumidwe kameneka muli bwinobwino, kawiri patsiku, mphindi zisanu. Amene amadikira tsiku la mantha kuti akayese koyamba amanena kuti sikagwira ntchito.

Chenjezo: ngati ndi koyamba kumva zoterezi, kapena ululu wa pachifuwa ukufalikira kumkono, kukhosi kapena kunsagwada, kapena wabwera mukugwira ntchito yolemetsa, kapena mwakomoka, makamaka ngati ndinu wamkulu kapena muli ndi BP kapena shuga, thamangirani kuchipatala. Za nkhawa zidzakambidwa mtima utayezedwa.

7. Bwererani kumene mukuthawa

Ngati pali gawo limodzi loti mulisunge pamtima, ndi lino. Matenda a nkhawa amakula ndi kuthawa. Tiyerekeze munthu amene chinthenthe chinamugwira mu minibasi yodzaza. Anatsika asanafike, ndipo atangoponda pansi mtima unakhazikika. Ubongo unaphunzirapo kuti minibasi ndi yoopsa ndipo kutsika ndi kumene kunamupulumutsa. Mawa lake akwera kabaza. Mlungu wotsatira ayamba kuopa tchalitchi chodzaza, kenako mzere wa kubanki, kenako msika. Kuthawa kulikonse kumapereka mpumulo wa kanthawi, koma kumamulanda mwayi woona kuti akanakhalabe mu minibasi muja mantha akanatsika okha. Pakutha pa chaka dziko lake latsala khonde ndi kuchipinda.

Njira yotulukira ndi kubwerera, koma mwa makwerero. Lembani zinthu zisanu ndi zitatu kapena khumi zokhudza chimene mukuopacho, kuyambira chophweka mpaka chovuta, chilichonse ndi nambala yake ya 0 mpaka 10. Kwa munthu wa minibasi uja makwerero angakhale otere: kuima pa depoti mphindi 20 osakwera, kukhala mu minibasi imene ikudikira anthu, pafupi ndi chitseko, kukwera siteji imodzi ndi mnzake, kukwera siteji imodzi yekha, masiteji atatu, kukhala mpando wakumbuyo, kukwera nthawi yoweruka pamene anthu athithikana, pomaliza ulendo wautali, monga wochoka ku Limbe kupita ku Zomba.

Yambirani pa chinthu cha 3 kapena 4, chimene chikuchititsani mantha koma mungathe kuchipirira. Musanayambe, lembani chimene mukuganiza kuti chichitika: "ndikomoka." Mukafika, khalani pomwepo ngakhale mtima ukugunda. Mantha amakwera kaye, amaima, kenako amatsika, ndipo cholinga n'chakuti muwaone akutsika muli pamalo omwewo. Mukabwerako lembani chimene chachitikadi. Bwerezani khwerero lomwelo tsiku lililonse, kapena masiku ambiri pa mlungu, kufikira litayamba kukutopetsani m'malo mokuopsani. Pamenepo kwerani lina. Khwerero likakhala lalitali kwambiri, ikani lina pakati, musasiye.

Pali tizinthu tina timene timaoneka tothandiza koma timachedwetsa kuchira: kuyenda ndi mnzanu nthawi zonse, kugwiritsitsa botolo la madzi, kukhala pampando wapakhomo basi, kumwa kabotolo musanalankhule pagulu, kufunsa akunyumba kakhumi kuti "ndili bwino eti?" Mukatero, ubongo umati mwapulumuka chifukwa cha botolo lija. Poyamba mukhoza kutigwiritsa ntchito, koma muzitisiya kamodzikamodzi pamene mukukwera.

Woopa kulankhula pagulu achite chimodzimodzi: kufunsa mtengo kwa wogulitsa wosamudziwa, kupereka moni kwa gulu la anthu atatu, kufunsa funso limodzi pamsonkhano, kuwerenga vesi kumphakati kapena kumlaga, mpaka kudzaima kutsogolo. Mawu adzanjenjemera ndithu ulendo woyamba. Alekeni anjenjemere, mumalize zimene mukunena.

Njira imeneyi ndi ya mantha opitirira muyeso, osati a choopsa chenicheni. Mayi amene mtima umamugunda akamva mapazi a mwamuna amene amamumenya alibe matenda oti azolowere. Akufunika chitetezo, ndipo ofesi ya Victim Support Unit kupolisi ilipo chifukwa cha zoterezo. Mtsinje wosefukira ndi njira ya achifwamba usiku n'zoyenera kuopedwa.

8. Tiyi, mowa, tulo ndi miyendo

Izi n'zodziwika, ndiye tingodutsamo. Khofi, tiyi wamphamvu, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zili ndi caffeine, amene amathamangitsa mtima, ndipo theka lake limakhala likadali m'magazi pakatha maola pafupifupi asanu. Chepetsani pang'onopang'ono, ndipo musamwe dzuwa likapendeka. Mowa umagonetsa nkhawa usiku n'kuidzutsa m'mawa itanenepa. Amuna ambiri amene amati akuchotsa maganizo kumalo omwera akudyetsa matenda omwewo. Chamba chimayambitsa chinthenthe mwa anthu ena. Dzukani nthawi yofanana tsiku lililonse ngakhale simunagone bwino, ndipo tulo tikakana kwa nthawi yaitali, dzukani mukhale pampando kufikira titabwera, m'malo momangotembenuka pamphasa. Foni igone kutali, makamaka ngati muli m'magulu a WhatsApp otumizirana zithunzi za ngozi ndi mauthenga a maliro pakati pa usiku. WHO imalimbikitsa akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga, mpira wa manja, kulima, zonsezo zimawerengedwa.

9. Nthawi yopita kuchipatala, ndi zokanena

Musadikire miyezi isanu ndi umodzi ija ngati nkhawa yakulepheretsani kupita kuntchito kapena kusukulu, ngati chinthenthe chikubwerezabwereza, ngati mwayamba kudalira mowa kapena mapiritsi kuti mugone, kapena ngati mwayesa zili pamwambazi kwa mwezi wathunthu popanda kusintha. Pitaninso ngati pamwamba pa nkhawa pabwera kukhumudwa, kusasangalala ndi chilichonse ndi kudziona wachabechabe, chifukwa matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi.

Anthu ambiri akamva za chithandizo cha maganizo amaganiza za Zomba Mental Hospital n'kuchita manyazi, poopa kutchedwa amisala. Odwala nkhawa ambiri sagonekedwa n'komwe. Yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi kapena cha boma cha m'boma lanu, kumene kumakhala anamwino kapena madokotala ophunzira za matenda a maganizo. Ku Blantyre kuli kiliniki ya zimenezi pa chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo a St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ku Zambia kuli chipatala cha Chainama Hills mumzinda wa Lusaka. Amene muli ku England mukhoza kudzilembetsa nokha ku uphungu wa boma wotchedwa NHS Talking Therapies osadzera kwa dokotala wanu.

Pamzere pamakhala anthu ambiri ndipo dokotala amakhala ndi mphindi zochepa. Mukangonena kuti "mutu ndi mtima", mutuluka ndi panado. Nenani chonchi: "Adokotala, kwa miyezi itatu ndakhala ndi mantha ndi nkhawa zimene sindikutha kuziletsa. Sindikugona, ndasiya kupita kumsika. Ndinayezetsa magazi ndi BP, zili bwino. Ndikupempha kuonana ndi a za maganizo." Tengani kope lanu lija.

Chithandizo chili pawiri. Choyamba ndi uphungu, makamaka wa mtundu wotchedwa CBT, umene umaphunzitsa mwadongosolo zimene zili m'gawo 5 ndi 7. Chachiwiri ndi mankhwala, monga fluoxetine, kapena amitriptyline amene amapezeka kwambiri m'zipatala zathu. Mankhwalawa sagwira tsiku lomwelo: pamatenga milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi, ndipo masiku oyambirira a fluoxetine nkhawa imatha kukwera kaye pang'ono. Ambiri amasiyira pamenepo n'kumati sakuthandiza. Mukapeza bwino, pitirizani kumwa kwa miyezi ina malinga ndi malangizo a dokotala, ndipo posiya muzichepetsa pang'onopang'ono, osangodula. Ngati ndinu woyembekezera, woyamwitsa kapena muli ndi vuto la mtima, nenani asanakulembereni.

Chenjerani ndi diazepam, amene ambiri amamudziwa kuti Valium. Amakhazika mtima pansi m'mphindi zochepa, n'chifukwa chake anthu amamukonda n'kumagula mwamseri. Koma thupi limamuzolowera m'milungu yowerengeka, limafuna wochulukirapo, ndipo pomusiya nkhawa imabwerera moposa kale. Ndi wa masiku ochepa okha, molembedwa ndi dokotala, ndipo asaphatikizidwe ndi mowa.

Za mapemphero, maganizo anga ndi akuti palibe mkangano. Pempherani, pitani kwa abusa kapena ashehe, imbani nawo kwaya. Kukhala pakati pa anthu okukondani ndi mankhwala paokha. Chimene ndimakana ndi kuuza wodwala nkhawa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena kumulamula kutaya mapiritsi. Wodwala shuga sitimuuza zimenezo.

10. Kwa amene mukusamala wodwala

Mawu akuti "ingosiyani kuganiza" kapena "limbani mtima, ndinu mwamuna" sathandiza; akanatha akanasiya kalekale. Mvetserani kaye osadula mawu, kenako funsani kuti, "Pa zonsezi, tiyambe ndi chiti?" Chovuta kwambiri kwa achibale ndi kuleka kumuthawitsa. Chifukwa cha chikondi mumamupitira kumsika, mumamuyankhira foni, mumauza mwana kuti asapite kusukulu lero poti m'mimba mukumupweteka m'mawa uliwonse wa Lolemba. M'malo momuchitira, muperekezeni pa khwerero loyamba, muyamikire kuyesako ngakhale wabwerera panjira, ndipo mawa mupitenso. Osamukankha mwadzidzidzi kapena kumunyenga; makwerero awasankhe yekha. Ana ndi achinyamata ku Malawi akhoza kuimba mwaulere pa 116 kuti alankhule ndi mlangizi.

Munthu akayamba kunena kuti "bola kufa", "ndatopa nawo moyo", kapena akayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika mosadziwika bwino, mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa ganizolo. Nthawi zambiri kumamumasula kuti alankhule. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi onse, uzani wachibale wina wamkulu, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku.